Chule Amene Tinamunamizira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaphunzira kusiyanitsa chule ndi bowa. Ndikudziwa kuti wina aseka, poti ngakhale mwana wongoyamba kuyenda angakuuzeni kuti uyu amadumpha pamene winayu amangokhala pomwe wamera. Sekani, palibe kanthu. Ine phunziro limeneli ndinalilandira kuseri kwa khola la eni ake ku Matema, mumzinda wa Tete, mlongo wanga atangoikidwa kumene m'manda, ndipo mpaka lero sindinapezemo choseketsa.

Kwathu kwenikweni ndi ku Angonia, koma ine kumeneko ndinangobadwirako. Nkhondo inatithamangitsira ku Malawi ndikadali wa kumsana, choncho ndinakulira mumsasa wa othawa kwawo, cha kumapiri a ku Dedza. Mtendere utabwera anzathu ambiri anabwerera kuminda yawo. Abambo anapita kukaona kumudzi, anabwerako osalankhula zambiri, anangoti kulibe chotsala. Anali atamva kuti ku Tete kuli ganyu yopakira ndi kutsitsa katundu m'magalimoto akuluakulu amene amadutsa pamlatho wa Zambezi, ndiye tinalunjika kumeneko. Tinamanga kanyumba ka mitengo ndi dothi ku Matema, pakati pa Anyungwe.

Munthu wokulira kumapiri kozizira, Tete amamulandira ndi mbama. Masana unkati ukaponda pansi wopanda nsapato, unkavina gule amene sunamuphunzirepo. Anzathu Achinyungwe ankatiseka kuti anthu a mbatata afika, aona zakuda. Ine ndinazolowera msanga, mwana sachedwa. Ndinaphunzira kudya masau ndi kuyamwa malambe mpaka mano kuyayamira. Amayi ndi amene sanazolowere. Sankadandaula kwambiri za kutentha. Chimene chinkawapweteka ndi ndiwo.

Amayi anali munthu wa bowa. Kumsasa kuja, mvula ikayamba, akazi ankabwera ndi madengu awo pakhomo pathu kuti amayi awasankhire. Ankatenga bowa mmodzimmodzi, kumutembenuza, kumununkhiza, kusendako pang'ono ndi chikhadabo, n'kutchula dzina: uyu utale, uyu chipindi, awa manyame, uyu ndelemya. Wosadyedwa sankamupatsa n'komwe dzina. Ankangoti chirombo, n'kuponya kutali. Pa zaka zonse zimene tinakhala kumeneko, palibe amene anadwalapo m'mimba ndi bowa wodutsa m'manja mwa amayi, ndipo iwo ankanyadira zimenezi kuposa china chilichonse chimene anali nacho, poti zina zonse zinatsala kunkhondo. Ku Tete kunalibe nkhalango ya masuku yoti akazuleko bowa. Kunali tsanya, milambe ndi minga basi. Dzinja loyamba linadutsa osalawa ngakhale kamodzi.

M'nyumba tinalimo anayi: abambo, amayi, ine Marita, ndi mlongo wanga Domingu, amene tonse tinkamutchula Mingu. Anali ndi zaka zitatu. Nthawi imene ndikunenayi anali atangodzuka kumene pa malungo, ataonda, khosi litatsala ngati la nkhuku, ndipo chakudya chilichonse ankachikankha. Amayi anali ndi pakati pa miyezi yochepa, akusanza m'mawa uliwonse kuseri kwa nyumba. Zinthu ziwiri zimenezi muzisunge, chifukwa popanda izo nkhaniyi ikanayenda mwina.

Mvula inali itagwa masiku angapo, ndipo fumbi la Matema linali litasanduka matope onunkha ndowe. M'mawa umenewo abambo analawira kuntchito, amayi anapita kukagula makala, ine anandisiyira Mingu ndi mbale zoti nditsuke. Kuseri kwa nyumba tinali ndi tamboro, mgolo wachitsulo wosungiramo madzi, itakhala pa njerwa. Pansi pake pankakhala chinyontho nthawi zonse. Ndinali nditawerama pa mbale pamene ndinamva Mingu akundiitana monga ankachitira, Mana, kutanthauza achemwali.

"Mana Marita, taonani wanga."

Anali atafumbata kanthu ndi manja onse awiri. Atatsegula ndinaona kachule kakang'ono, kosalala, kakuda bii, konyezimira ngati nsapato yopolisha. Kuchokera pamphuno mpaka m'chiuno kanali ndi mizere iwiri yofiira psuu, ndi banga lina lofiira kumatako. Sikankayesa n'komwe kuthawa. Mingu atakaika pansi sikanadumphe, kanayamba kuyenda pang'onopang'ono, mwendo umodzi kenaka unzake, mosatekeseka. Kunena zoona kanali kokongola, ndipo nanenso ndinaima kukayang'ana.

Kenaka Mingu anatikita diso ndi dzanja lomwe lija. Kukuwa kwake kunafika mpaka kumsewu.

Woyamba kufika anali a Dona Berita, mayi wa Chinyungwe amene nyumba yake inayang'anizana ndi yathu. Atangoona chuleyo anagwira kumutu. Anati ameneyu ngakhale ng'ombe ikamumeza pamodzi ndi udzu siiona dzuwa likulowa. Anatola mwala n'kumuphwanya pomwepo. Amayi anafika phokosoli lili mkati. Anatula makala, anamusambitsa Mingu m'manja ndi phulusa ndi sopo, anamuthira madzi m'diso mpaka anasiya kulira. Atatha anatembenukira kwa ine n'kundipatsa khofi limodzi lokha, koma la munthu wamantha, lopweteka.

"Ntchito yako ndi maso basi. Maso okha akukanika?"

Pofika masana Mingu anali akusewera, diso lokha lili lofiirira. Amayi mtima unatsika, ndipo ndi pamene anamasula nsonga ya kapulana, chitenje chawo, n'kutionetsa zimene anabwera nazo. Pobwerera kumakala anadzera kuseri kwa khola la bambo wina woweta mbuzi ndi ng'ombe, ndipo kumeneko anaona bowa atamera m'udzu. Anali wochepa, wosakwana n'kambale komwe, woyera, mitu isanatambasuke. Amayi anachita zonse zimene ankachita kumsasa. Anatembenuza, kunsi kunali koyera. Ananunkhiza, fungo linali labwino. Anasenda, khungu linachoka. Nkhope yawo tsiku limenelo ndimaikumbukirabe, chifukwa aka kanali koyamba kuwaona akuseka ndi mano onse chifikireni ku Tete.

"Utale wanditsata mpaka kuno," anatero.

Anamuphika ndi tomato ndi nsinjiro m'kapoto kakang'ono. Fungo linadzaza bwalo lonse, fungo la kumapiri, ndipo ine malovu anadzadza m'kamwa. Nditatambasula mbale yanga amayi anaikankha.

"Iwe lero bowa sulawa. Ukadye chule wako."

Chimenecho chinali chilango changa. Iwo anangolawa mchere pa chikombe, wotsalayo anamusiyira Mingu, poti ndiye ankafunika mphamvu. Mwana amene anakana chakudya masiku onse aja anadya tsiku limenelo. Amayi ankamupatsa ndi dzanja lawo, iye n'kumatsegula kukamwa yekha. Atamaliza ananyambita mbale, amayi anamuombera m'manja, namuimbira kanyimbo. Ine ndinakhala pakhonde ndi nyemba zadzulo, ndili ndi nsanje.

Dzuwa litapendeka Mingu anayamba kusanza. Posakhalitsa m'mimba munatseguka, poyamba madzi okhaokha, kenaka osakanikirana ndi magazi. Palibe amene anafunsa kuti chachitika n'chiyani, chifukwa bairo yonse, ndiko kuti dera lathu lonselo, inkadziwa kale. Mwana wagwira chule uja. A Dona Berita anabwera ndi mizu, mkulu wina anabwera ndi mafuta akuda opaka m'manja, wina anati amwetsedwe mankhwala osanzitsa kuti ululu wa chule utuluke. Anamumwetsa, ndipo anasanzadi. Amayi nawonso anapita kuseri kwa nyumba kawiri kapena katatu, koma amenewo ankasanza tsiku lililonse, ndani akanaziwerengera. Abambo atafika madzulo anapeza anthu ali piringupiringu, aliyense akuwauza za chule. Poti matenda anali odziwika ndipo mankhwala anali ataperekedwa, anagwirizana zodikira kuti kuche.

Kutacha Mingu anali atasiya kulira. Maso anali atalowa mkati, milomo itauma, ndipo ukamutsina pamimba khungu linkatsala chiimire. Abambo anabwereka njinga, amayi anakhala kumbuyo mwana ali pachifuwa, n'kuwoloka mlatho kupita kuchipatala. Ine anandisiya kuti ndiyang'anire nyumba. Ndinasesa bwalo, ndinatsuka kapoto kaja, ndinasesanso bwalo. Ndinamva pambuyo pake kuti kuchipatala anayesetsa, anamuika soro, madzi aja a m'botolo olowera pamkono, koma misempha inali yovuta kuipeza. Atafunsa kuti mwanayu wadya chiyani, abambo, amene masana adzulo lake kunalibe, anayankha zimene anauzidwa, kuti wagwira chule. Amayi sankatha kulankhula. Mingu anamwalira tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Pamaliro sindinalire. Ndinkafuna, ndinkayang'ana akazi ena mmene akuchitira kuti ndiwatsanzire, koma m'maso munali mouma. Ndimakumbukira zinthu zopanda pake: ntchentche pa mbale, nyerere zikukoka njere ya mpunga, bokosi limene abambo anakhoma ndi matabwa a mabokosi a sopo, zilembo zikuonekabe m'mbali. Ndimakumbukiranso akazi akugwirana chigongono ndikamadutsa. "Ndi ameneyu anamusiyira." Amayi sanandimenye, sanandikalipire. Anangosiya kundiyang'ana. Akafuna madzi ankauza khoma kuti madzi atha, ine n'kunyamuka ndi ndowa.

Inenso ndinkakhulupirira kuti ndine. Ndinaima n'kumayang'ana chule wokongola mwana ali naye m'manja. Panalibe china choti ndiganize.

Anthu atabalalika, Lamulungu lina m'mawa amayi atapita kutchalitchi ndi a Dona Berita, abambo anandiitana pansi pa mtengo wa msau umene unali pabwalo. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa manja okhakhala ndi matumba a simenti. Anandiuza kuti kuchipatala, zonse zitatha, dokotala anawakokera pambali n'kuwauza kuti kugwira chule sikutsegula mwana m'mimba mpaka magazi, akafunse bwino kunyumba. Mawu amenewo anakhala nawo masiku onse a maliro.

"Marita, tsiku lija Mingu adadya chiyani?"

"Bowa."

Anayang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Iwe udadya?"

"Adandimana."

"Ukudziwa pamene adazula?"

Ndinkadziwa, amayi anali atafotokoza. Tinanyamuka, iwo patsogolo ine pambuyo, kudutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba mpaka kumene bairo inkathera. Kuseri kwa khola lija, pamene ndowe zinkakokolokera mvula ikagwa, udzu unali wobiriwira kwambiri. Bowa anali atameranso, wambiri kuposa amene amayi anapeza, atazungulira ngati anthu pabwalo. Wina anali wamng'ono, mitu yotsekeka, woyera mbee, chimodzimodzi amene ndinamuona mu kapulana. Wina anali atakula n'kutambasuka ngati mbale.

Abambo ananjuta. Anazula wamng'ono n'kundionetsa kunsi. Koyera. Kenaka anazula wamkulu, wokalamba, n'kumutembenuza. Kunsi kwake kunali kobiriwirira, kubiriwira kwauve ngati nkhungu ya pa buledi wogonera. Anapukuta ndi chala, chala chinatenga mtundu womwewo.

"Ndi mmodzi ameneyu," anatero. "Uyu ndi mwana, uyu ndi wamkulu. Taona kuphazi."

Kuphazi kunalibe kanthu, kachotupa chabe kokhala pamwamba pa dothi. Anandikumbutsa kuti utale weniweni umamera pachulu, ndipo uli ndi muzu wautali wolowa pansi kumene kuli chiswe, moti umachita kukumba ndi kamtengo. Uyu ankangozuka ndi zala ziwiri, ndipo chulu panalibe paliponse pafupi, ndowe zokhazokha. Iwo anamudziwira ku esiteti ya fodya kumene ankagwira ganyu tili ku Malawi. Amuna ena kumeneko anamuphika, ndipo masiku awiri ankachita kukwawa popita kuthengo. Onse anachira, poti anali akuluakulu. Mwana wamng'ono, makamaka wochokera m'malungo, madzi amamuthera m'thupi asanalimbane nazo.

"Amako maso awo sadawanamize. Akakhala wamng'ono amayeradi ngati wa kwathu. Kungoti kumapiri kumene iwo adaphunzirira, m'nkhalango, ameneyu sadakumane naye."

Pobwerera anaima pa mulu wa njerwa zakale pafupi ndi ngalande n'kuyamba kuzitembenuza imodziimodzi. Sindinadziwe chimene akufuna mpaka pamene ndinaona mizere yofiira ija. Ndinabwerera m'mbuyo. Iwo anamutola ndi dzanja lopanda kanthu n'kumuika pachikhatho.

"Ababa, mufa!"

Chuleyo anakhala pachikhathopo, khosi likugunda, kenaka anayamba kuyenda kulowera kuzala, pang'onopang'ono monga mnzake uja. Abambo anamusunga choncho kwa kanthawi, anamubwezera pansi pa njerwa, n'kundionetsa dzanja. Pamene panali kabala ka chingwe panali patafiira, ndipo anati pakuwotcha ngati tsabola. Anasamba m'chithaphwi, anapukutira pa buluku. Zinathera pomwepo.

Anandifotokozera mwa mawu ochepa, monga ankachitira. Chule ululu wake uli pakhungu, ndipo umaumva nthawi yomweyo, pabala kapena m'diso, n'kuthamangira madzi. Wavala zofiira dala kuti mbalame ndi njoka zimuonere patali, n'chifukwa chake sathamanga, amadziwa kuti palibe womufuna. Bowa uja alibe chizindikiro kufikira atakalamba, nthawi imene palibe angamuzule. Sawawa, sanunkha, sayabwa m'manja. Umadya, umakhuta, umathokoza wophika, ndipo iye amayamba ntchito yake mbale zitatsukidwa kale.

Ndinamvetsera zonsezo, koma m'mutu mwanga munali funso limodzi.

"Ndiye kuti si ine?"

"Si iwe."

Sindikudziwa mmene ndingafotokozere. Kwa masiku onse aja ndinkapuma ndi theka la chifuwa, ndipo pamenepo mpweya unalowa wonse. Miyendo inayamba yokha kuthamanga. Ndinkafuna ndikawapeze amayi pakhomo la tchalitchi, ndiwauze pamaso pa a Dona Berita ndi akazi onse ogwirana chigongono aja. Sindinapite patali. Abambo anandigwira pamkono, mwamphamvu moti zala zawo zinatsala.

Ananjutanso kuti maso athu alingane. Anati amayi ali ndi pakati ndipo chichokereni kumanda sakudya. Anati ndikumbukire mmene Mingu anadyera bowa uja, kuti anachita kupatsidwa ndi dzanja la amake, akumuimbira. Anati munthu amene wataya mudzi, munda ndi abale, n'kutsala ndi chinthu chimodzi chimene amati ichi ndiye ndimachidziwa, ukamuuza kuti chomwecho ndi chimene chapha mwana wake, ndiye kuti tikumbenso manda, ndipo mwina awiri.

"Chule alibe abale. Sakadandaula kwa munthu."

"Nanga ine?"

Anaimirira, tinabwerera kukhola kuja, ndipo anaponda bowa yense ndi nsapato zawo za matayala, wamng'ono ndi wamkulu yemwe, mpaka panatsala phala loyera m'matope. Atatha, akuyang'ana kumbali, anati:

"Iwe ndiwe wolimba. Sindikukulamula, mwanawe. Ndikukupempha."

Abambo anali asanandipemphepo kanthu chibadwire. Ndinavomera. Sindinganene kuti ndinaganiza mozama kapena kuti ndinachita chifukwa chokonda amayi. Ndinangoona bambo wamkulu akupempha, ndipo ndinachita manyazi kukana. Mpweya uja unabwerera kumene unachokera. Madzulo ake abambo anawauza amayi kuti bowa wa ku Tete asadzazulenso, ati eni makola amathira mankhwala a nkhupakupa m'udzu. Amayi anangogwedeza mutu. Nthawi imeneyo analibe chilakolako cha chakudya chilichonse.

Mwana anabadwa nyengo yozizira, wamkazi, anamutcha Rozinya. Amayi anayambanso kudya, kenaka kulankhula, kenaka tsiku lina ndinawamva akuseka ndi a Dona Berita. Abambo anandiyang'ana tsiku limenelo ngati akuti waona. Ndinaona.

Koma Rozinya sindinamuberekepo kumbuyo ngakhale tsiku limodzi. Atsikana anzanga onse ankayenda ndi ana a amawo kumsana, ine ndinkayenda ndi msana wopanda kanthu, ndipo bairo yonse inkadziwa chifukwa chake. Amayi ankalolera kusenza ndowa pamutu, mwana kumbuyo, nkhuni m'manja, ine ndikuyenda pambali pawo chimanjamanja. Akamapita kuchigayo ankamusiya kwa a Dona Berita, komadre wawo, ndiko kuti mnzawo wapamtima, n'kunong'ona poganiza kuti sindikumva: "Komadre, musamusiye ndi Marita." Kusukulu anyamata ankalira ngati achule ndikamalowa m'kalasi. Poyamba zinkandipweteka. Kenaka zinasiya, ndipo pamodzi ndi izo zinasiyanso zina zambiri. Ndinakhala mwana wosavuta, wosalira, wosapempha, amene alendo ankamuyamikira kuti ndi wofatsa.

Kamodzi kokha ndinatsala pang'ono kuulula. Ndinali namwali, tinakangana ndi amayi pa nkhani ya ziii, ya mnyamata amene anandiperekeza kuchokera kumsika. Mawu atakula amayi anati, "Udandiphera mwana, tsopano ufuna undiphe ndi ine?" Yankho linafika mpaka pamano. Ndinali nalo lonse, khola, ndowe, kubiriwira kwa kunsi, dzanja lawo likupita kukamwa kwa Mingu. Abambo anali pansi pa msau akumata chubu cha njinga, ndipo anamva zonse. Sanadzutse mutu. Ndinatenga ndowa n'kupita kumadzi, ngakhale tamboro inali yodzaza.

Iwo nkhaniyi sanaitchulenso mpaka imfa yawo. Chimene ankachita n'kundibweretsera tinthu pobwera kuntchito, kabanzi, cholembera, tsiku lina ndolo zapulasitiki, n'kundipatsa mobisa amayi asakuona. Ndinkalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Ndinkadana nato tinthu timeneto kuposa mmene ndinkadanira ndi anyamata olira ngati achule. Atadwala matenda awo omaliza ndinkakhala pambali pa mphasa yawo kudikira kuti mwina anena kuti tsopano ukhoza kuwauza. Ankangondipempha madzi.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndimasoka ndi kugulitsa makapulana ku bairo ya Samora Machel. Rozinya anakwatiwa kutali, choncho amayi atafooka, mbali imodzi ya thupi itasiya kugwira ntchito, anabwera kudzakhala kwa ine. Munthu yemwe uja sankamukhulupirira ndi khanda ndi amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa. Sindinaone chachilendo, ndipo ndikuganiza kuti iwonso sanachione. Tinkakhala bwinobwino, monga anthu awiri amene anazolowerana kukhala chete.

Chaka chathachi, masana ena kukutentha monga kumachitira kuno, ndinkawamwetsa phala ndi sipuni. Anandigwira padzanja ndi dzanja lawo labwino lija. Lilime linali lolemera, mawu ankatuluka movutikira, koma ndinamva lililonse.

"Marita. Za Mingu zija. Ndidakukhululukira kalekale, ndimangosowa ponenera. Udali mwana. Sukadadziwa kuti chule ameneuja ngoopsa."

Misozi inkatsikira m'khutu mwawo. Ndinaona kuti mawu amenewa anawasenza zaka zambiri, ndipo kuwatula kunawatengera mphamvu zonse zimene anatsala nazo. Ndinadikira kuti mkati mwanga muchitike kanthu, mkwiyo, chisoni, ngakhale kuseka. Munali zii. Ndinaganiza kuti abambo anapita, pakati paja panabadwa kalekale munthu amene tsopano ali ndi ana ake, ndipo palibenso amene ndikumusungira lonjezo. Ndikanatha kunena. Ndinatsegula pakamwa.

"Zikomo, amayi," ndinatero.

Anatseka maso, nkhope inamasuka. Ndinawapukuta pachibwano n'kutunga sipuni ina. Anamwalira patangopita masiku ochepa, ndipo akazi a kutchalitchi amene anabwera kudzawasambitsa anati nkhope yotere ndi ya munthu wopita alibe mangawa ndi wina aliyense.

Ana anga ndinawaphunzitsa zonse ziwiri. Chule wa mizere yofiira musamugwire, koma mukamugwira sambani m'manja, musakuwe, ndipo musamuphe. Bowa woyera wa pandowe musamuyandikire ngakhale atanunkhira bwanji. Amadabwa kuti n'chifukwa chiyani mayi wosoka makapulana amaumirira zimenezi mvula ikangoyamba. Sindinawauze.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tsiku lija abambo anasankha pakati pa choona ndi bodza. Tsopano, pokhala ndi ana anga, ndikuona kuti sizinali choncho. Anali ndi anthu awiri patsogolo pawo ndi katundu mmodzi woti wina asenze, ndipo monga munthu wozolowera kupakira magalimoto, anayang'ana amene sangathyoke. Anayeza bwino. Amayi anakhala ndi moyo mpaka ukalamba, Rozinya anabadwa, ndipo ine sindinathyoke. Chimene sanayeze n'chakuti malo amene wasenzerapo nthawi yaitali amachita dzanzi, moti ngakhale atadzakutula sumva kusiyana. Chikhululukiro cha amayi ndinachilandira ndi manja awiri, monga anandiphunzitsira. Ndili nacho mpaka lero, ndipo sindikudziwa pochiika.